Khutu la Alamu Anga

Alamu anga anagwira ntchito pa galaja ya kampani yathu ya matakisi zaka makumi atatu ndi zinayi, ndipo pa zaka zonsezo palibe amene ankawatchula dzina lawo lenileni. Tonse tinkangoti a Khutu. Ngakhale achemwali anga, amene anakwatiwa nawo ine ndisanamere ndevu, akapsa mtima ankati, "Inu a Khutu inu," ngati akuitana munthu wa kuntchito.

Dzinalo silinabwere chifukwa cha kukula kwa makutu, ngakhale analidi otambalala ndithu. Linabwera chifukwa cha kagwiridwe kawo ka ntchito. Makanika ena galimoto ikafika amayamba kufunsa dalaivala mafunso, kumasula uku, kumanga uko, kuyesa ichi ndi icho mpaka dzuwa kupendeka. Alamu anga ayi. Ankakhala pa tayala lakale pakhomo la galaja, kapu ya tiyi m'manja, n'kumamvetsera matakisi akulowa pageti. Galimoto isanaime n'komwe, iwo ankakhala atadziwa kale matenda ake.

"Nambala seveni, beringi ya kumanzere yatopa."

"Nambala naintini, lamba akulira, ndipo woyendetsa wake ndi chitsiru."

Matenda akabisala, ankatenga kachitsulo kawo kotalika ngati mkono, kokhala ndi chigwiriro cha mtengo. Nsonga ankaigunditsa pa injini, chigwiriro n'kuchikanikiza pa fupa la kuseri kwa khutu, n'kutsinzina. Akatsegula maso, mlandu watha. Dashibodi sankaiyang'ana n'komwe. Ankati timagetsi ta pa dashibodi anatiikira madalaivala ndi ana a sukulu.

Musaganize kuti anali munthu wokoma mtima. Sanali. Khutu lomwe linkamva matenda a injini linkamvanso machimo athu ife madalaivala. Ukaponda kilatchi mwankhanza, ankamva. Ukathira petulo wa m'zigubu wogula m'mbali mwa msewu, ankamva. Ukazembera ulendo wako wa mseri pa msewu wa mabampu, m'mawa mwake ankakuuza ngakhale kutalika kwa ulendowo. Ndipo sankakuitanira pambali. Ankanena pagulu, mokweza, kenako n'kuvula magolovesi kukabwerezanso ku ofesi. Bambo wina wa ana asanu anachotsedwa ntchito chifukwa a Khutu anamva kuti galimoto yake inawoloka madzi. Titapita kukawadandaulira kuti akanangomukalipira basi, anatiyang'ana ngati tanunkha.

"Injini ilibe pakamwa," anatero. "Wolankhula m'malo mwake ndine. Inuyo muli ndi pakamwa panu, kalireni nokha."

Ine anandilowetsa ntchito ndi iwowo. Ndinakulira m'nyumba mwawo makolo athu atamwalira, anandiphunzitsa kuyendetsa, n'kukandilankhulira ku ofesi. Zonsezo n'zoona, ndipo sankalola kuti ndiziiwale ngakhale tsiku limodzi. M'mawa uliwonse ndikamalowa pageti, mawu awo ankandichingamira anzanga onse akumva.

"Iwe mlamu, phazi lakolo ndi la munthu kapena la ng'ombe? Giya imalowetsedwa, simenyedwa!"

Ndinali bambo wa ana atatu, imvi zitayamba kale m'mbalimu, koma pamaso pawo ndinali kamwana kaja kokodza pamphasa. Ndinkaseka nawo oseka, koma m'kati ndinkawira. Ndinkawakonda, ndinkadananso nawo, ndipo sindinayesepo kulekanitsa ziwirizi.

Kutatsala zaka zitatu kuti magalimoto atsopano abwere, achemwali anga anandiitana Lamlungu lina masana. Ananditengera kuseri kwa nyumba, pamene ankayanika zovala, n'kuyamba kulankhula akuyang'ana chingwe.

"Mchimwene, alamu ako khutu likutha."

Ndinaseka, ndikuyesa nthabwala.

"Usaseke. La kumanja linafa kale. La kumanzere likutsatira. Kuchipatala akuti ndi phokoso la mainjini la zaka zonsezi. Anawapatsa kachipangizo koika m'khutu, koma anakaponya m'dirowa. Akuti a Khutu angavale chotere pa galaja, anthu aziti chiyani?"

"Nanga kuntchito akumva bwanji?"

"Amawerenga milomo. Ndiye ndakuitanira zimenezo. Ukamalankhula nawo uziima kutsogolo kwawo. Wina akawaitana kumbuyo, iwe uziwakhudza pamkono ngati mwangozi. Ntchito ija ndiyo moyo wawo, mchimwene. Akaichoka, amuna angawa sakhalitsa. Ndakupempha ine."

Ndinalonjeza. Ndipo mundimvetse, lonjezolo ndinalisunga bwino zaka zitatu zathunthu. Ndinasanduka khutu la a Khutu. Ndinkafika molawirira, n'kuima pafupi ndi tayala lawo ngati ndikufuna moto wa fodya, n'kumawanong'oneza ndi milomo yokha: naini ikugogoda kutsogolo, fayifi ikutsokomola. Iwo n'kukweza mawu kulengeza ngati adzimvera okha, anthu n'kumagwedeza mitu kuti mdala uyu ndi mfiti ya injini. Kachitsulo kokha ndi kamene sikanawataye, chifukwa fupa limamva kunjenjemera ngakhale khutu litafa. Pa zaka zitatuzo sanandiuzepo zikomo. Kunena zikomo kukanakhala kuvomera, ndiye m'malo mwake anawonjezera kunyoza phazi langa.

Kenako akuluakulu a mzinda analamula kuti matakisi ofuka utsi achoke m'misewu. Kampani inagulitsa magalimoto athu akale, n'kubweretsa ena oyera mbee, amene ankawatchula kuti mahaibulidi. Galimoto yotere ili ndi injini ya petulo, ilinso ndi batire lalikulu pansi pa mpando wa kumbuyo. Umayatsa podina batani, kiyi ali m'thumba. Ukadina sipamveka kanthu, kumangoyaka kanyali kobiriwira pa dashibodi. Imanyamuka ndi magetsi, mwakachetechete, ndipo injini imadzuka yokha ikafuna, n'kugonanso yokha ikafuna, osafunsa munthu. Ife madalaivala tinaikonda tsiku lomwelo. Kilatchi palibe, mafuta imangonyambita, ndipo pa mzere wa magalimoto mwendo supweteka. Okwera ankatifunsa pa maloboti kuti, "Adalaivala, yazima?" ife n'kumadzimva ngati oyendetsa ndege.

Tsiku limene khumi oyamba anafika, alamu anali pa tayala lawo monga mwa masiku onse. Magalimoto analowa pageti mondondozana, matayala okha akuphwanya timiyala. Ndinawaona akupendeketsa mutu, kutembenuzira khutu la kumanzere kugeti. Anadikira. Anapendeketsanso. Tiyi anatayikira pa ovolosi yawo, kenako anandiyang'ana ine, ndipo nkhope imeneyo sindidzaiiwala. Sankadziwa ngati ndi magalimoto amene ali chete, kapena ngati khutu lotsala lija lafa m'mawa womwewo.

Ndikanatha kuwauza nthawi yomweyo. Ndinayamba ndayatsa fodya, n'kukoka kawiri. Ndinamva kukoma kuwaona akuopa, sindibisa. Kenako ndinaima kutsogolo kwawo.

"Salira amenewa, alamu. Tonse sitikumva kanthu."

"Ndikudziwa," anatero, akupukuta tiyi pa ovolosi. "Ukundiyesa mwana?"

Ogulitsa magalimoto anatumiza mayi wina wodziwa za mahaibulidi kuti atiphunzitse, ndipo pambuyo pake kampani inamulemba ntchito. Ankayenda ndi laputopu paliponse, ndiye tinangomutcha mayi wa laputopu. Phunzirolo linachitikira m'kantini. Alamu anakhala pa benchi ya kumbuyo kwenikweni, manja atapinda pachifuwa, kuti aliyense aone kuti iwo saphunzitsidwa injini ndi munthu wa zikhadabo zoyera. Mayiyo ankalankhula akuloza zithunzi pakhoma, nthawi zambiri atatipatsa msana. Chinthu chimodzi anachibwereza katatu, akumenya tebulo: galimoto iyi ikakhala chete sindiye kuti yazima. Musanaigwire, yang'anani kanyali kobiriwira. Kakakhala koyaka, injini ikhoza kudzuka nthawi ina iliyonse, mulibe munthu m'katimo.

Ine ndinali pambali pa alamu. Titatuluka anandiitanira pakona.

"Wati chiyani mkazi uja?"

M'mawa wa tsiku lomwelo anali atandiuza pamaso pa mayi yemweyo kuti ngakhale galimoto yopanda kilatchi ndidzaipezera chothyola. Mawuwo anali akadali pakhosi panga.

"Akuti musamagwire zingwe za olenji," ndinatero. "Zili ndi magetsi ambiri."

"Basi?"

"Basi."

Sindinaname. Za zingwezo ananenadi. Ndinangosiya zinazo.

Miyezi yotsatira inawadya alamu pang'onopang'ono. Galimoto ikadwala, mayi wa laputopu ankalumikiza chingwe pansi pa chiwongolero, kompyuta n'kumuuza matenda. Kwa a Khutu kunatsala kusintha oyilo, matayala ndi mabuleki, ntchito imene kale ankaipatsa anthu amene ankawayesa opanda mutu. M'mawa ankakhalabe pa tayala lija, koma panalibe choti alengeze. Madalaivala amene kale ankalowa pageti mtima uli m'mwamba anayamba kudutsa akuwaimbira hutala, kapena kuwazembera kumbuyo ndi galimoto mwakachetechete mpaka bampala itatsala pang'ono kuwagunda. Anthu anali ndi mangawa awo akale a mumtima, ndipo aliyense anabwera kudzatenga gawo lake.

Amene anayambitsa masewera enieni anali dalaivala wina amene tinkamutcha Pakamwa, mphwake wa bambo wa ana asanu uja. Ankaimika galimoto pagalaja ili yoyaka, injini itagona, n'kutsegula boneti, iye n'kukhala pa chiwongolero.

"A Khutu, tatimvererani iyi, ikumveka zachilendo."

Alamu sankatha kukana pempho lotere. Ankanyamuka ndi kachitsulo kawo, n'kugunditsa pa injini, n'kutsinzina. Fupa silinkamva kanthu.

"Yozima iyi. Tayatsa, chitsiru iwe."

"Ndikuyatsa, madala, dikirani."

Pakamwa ankangokhala, manja ali pamiyendo. Pakapita kanthawi injini inkadzuka yokha, alamu n'kudzidzimuka mpaka kugunda mutu ku boneti, ife n'kufa nazo. Anawachita zimenezi kangapo. Alamu sanali opusa, anaphunzirapo kanthu, koma anaphunzira cholakwika. Anatsimikiza kuti amene amadina batani mobisa ndi Pakamwa. Kuyambira pamenepo, asanagwire galimoto ankayamba asuzumira pawindo kuona ngati pampando pali munthu. Pakakhala palibe, ankagunditsa kachitsulo. Kakakhala phee, kwa iwo galimotoyo ndi yozima. Tonse tinkaona cholakwikacho, makanika anzawo omwe, koma palibe anawauza, chifukwa masewera akanatha.

Lachitatu lina galimoto yanga, nambala thwelofu, inali pa ndandanda wosintha oyilo. Pakamwa anandipeza pa mpope ndikusamba m'manja.

"Lero tiwaonetse mzukwa alamu ako," anatero. "Uisiye yoyaka, iwe utulukemo. Akaona injini ikudzuka pampando palibe munthu, athawa mpaka kusiya nsapato."

Sindinganene kuti anandikakamiza. Ndinaseka, ndipo ndinawonjezapo nzeru zanga. Ndinaimika galimoto pamwamba pa dzenje limene makanika amalowamo akamagwira za pansi. Kiyi ndinamusiya m'kabowo koikamo kapu. Ndinasiyanso choziziritsa mpweya chikugwira ntchito, kuti batire litsike msanga, injini idzuke. Ndinatsegula boneti, n'kuima kutsogolo kwa alamu.

"Nayo, alamu. Muyambe mwaimvera, ikukhala ngati ikugogoda."

Tinakakhala m'kantini anthu asanu ndi mmodzi, maso pawindo. Kuchokera pamenepo kufika padzenje ndi mapazi makumi atatu, osapitirira. Alamu anasuzumira pawindo la galimoto. Pampando palibe munthu. Anagunditsa kachitsulo, natsinzina. Tinagwira mpweya kudikira kuti idzuke, koma sinadzuke. Anachotsa kachitsulo, nakaika pambali, natenga sipanala ndi beseni la oyilo wakutha, n'kuyamba kutsika masitepe a dzenje.

Ndinaimirira. Ndinadziwa chimene akukachita, ndipo ndinadziwa chimene chimachitikira injini ikazungulira yopanda oyilo.

"Dikira pang'ono," anatero Pakamwa, atandigwira malaya. "Idzuka pompano ali pansipo. Ndiye zikoma kwambiri."

Kugwira kwake sikunali kolimba. Mwana akanatha kupulumuka. Ndinakhalanso pansi.

Sinadzuke ali pansi. Oyilo yense anakhuthukira m'beseni. Alamu anakwera masitepe, napita pa tebulo lawo la zida, mapazi atatu okha kuchokera pa galimoto, nayamba kukonza fyuluta yatsopano atapatsa galimoto msana. Pamenepo ndiye injini inadzuka.

Poyamba inalira bwinobwino, moti wina m'kantini anaseka. Kenako kulirako kunauma. Kunayamba kugogoda, pang'onopang'ono, kenako mwamphamvu ngati munthu akumenya chitseko cha malata ndi hamala. M'kati mwa galimoto kachenjezo kankalira kosalekeza. Otsuka magalimoto anasiya mapaipi. Makanika awiri anatuluka m'sitolo ya zida akuthamanga. Manijala wathu, amene tinkamutcha a Tayi chifukwa sankavula tayi ngakhale kutenthe bwanji, anatuluka mu ofesi cholembera chili m'manja. Bwalo lonse linatembenukira ku nambala thwelofu, kupatula munthu mmodzi. A Khutu anali chiimire pa tebulo lawo, akuimba mluzu, akupaka oyilo pa labala ya fyuluta ndi chala, mosamala, mozungulira, monga ankachitira zaka makumi atatu ndi zinayi.

Ndinathamanga, koma ndisanafike injini inalira komaliza n'kuima yokha. Fungo la chitsulo chopsa linadzaza galaja. Alamu anayamba anunkhiza, kenako n'kutembenuka. Anaona utsi, anaona anthu onse atawazungulira, anaona a Tayi. Fyuluta inali ikadali m'manja mwawo.

"Yayatsidwa ndi ndani?" anafunsa.



Tsiku lotsatira m'mawa tinaitanidwa ku ofesi, alamu ndi ine. Pakamwa anandidikirira pakhonde.

"Ukatchula za masewera, tonse asanu ndi mmodzi tapita," anatero. "Ndipo woyamba ndiwe, chifukwa galimoto ndi yako. Uli ndi ana, ganiza bwino."

Sindinafunikire kukumbutsidwa. Alamu anali atavala ovolosi yochapa, yosita, ndipo anali atameta. Tisanalowe anandigwira pamkono. Aka kanali koyamba kuti iwo andigwire ine.

"Mlamu, a Tayi amalankhula mothamanga. Ndikaphonya, undithandize."

"Musadandaule, alamu."

Mu ofesimo munali tebulo la a Tayi, fani yozungulira pang'onopang'ono, ndi mpando umodzi wa alendo. Mayi wa laputopu anaima pafupi ndi windo. Alamu anakhala pa mpandowo, maso awo pa milomo ya a Tayi. Panali malo okwanira pambali pa tebulo, pamene akanatha kundiona. Ine ndinakaima kumbuyo kwawo, cha kumanja, n'kuika dzanja langa paphewa pawo.

Mayi wa laputopu anafotokoza mwachidule. Injini yatheratu. Galimoto inali yoyaka pamene oyilo ankakhuthulidwa. Anayatsa ndani, kapena anaisiya yoyaka ndani, zimenezo iye sanganene. A Tayi anakweza maso kuyang'ana ine.

"Galimoto ndi yako. Unaisiya bwanji?"

Ndinalankhula motsitsa mawu, mwaulemu, ngati munthu amene zikumupweteka kunena. Ndinati ndinaizimitsa ndi dzanja langa, kanyali n'kuzima ndikuona. Ndinati kiyi ndinamusiya m'kati monga timachitira, ndipo mwina alamu anadina batani okha pofuna kumvera injini, n'kuiwala. Zikanathera pamenepo mwina zikanakwana. Koma pakamwa pakatseguka sipatsekeka msanga, ndipo ndinkaopa kuti a Tayi afunsanso. Ndiye ndinapereka chimene achemwali anga anandisungitsa kuseri kwa nyumba.

"Bwana, ndinene zoona, ndatopa kubisa. Alamu angawa samva. Zaka zitatu zapitirira tsopano. Zimene ankalengeza pageti zija ndinkawauza ndine. Phunziro lija la m'kantini sanamvepo liwu ndi limodzi lomwe. Dzulo munadzionera nokha. Lero yafa ndi injini, mawa adzapha munthu. Ndi abale anga, anandilera, koma sindingapitirize kuika anzanga pangozi."

Ndikulankhula choncho, chala changa chachikulu chinkasisita phewa lawo. Sindikudziwa ngati ndinkachita dala. Ndinamva phewalo likumasuka pansi pa dzanja langa, ngati la munthu amene wapeza pomutsamira.

A Tayi anatsamira kutsogolo, nalankhula pang'onopang'ono, milomo ikuoneka bwino.

"A Khutu, mwamva zimene anena alamu anuwa?"

"Ndamva, bwana."

"Ndi zoona?"

"Zonse, bwana," anatero alamu, mosazengereza. "Mwana uyu ndinamulera ndekha. Phazi lake ndi loipa, koma bodza alibe."

Mayi wa laputopu anandiyang'ana. Anayang'ana pamene ndinaima, nayang'ana dzanja langa, nayang'ananso nkhope yanga.

"Bwana," anatero, "mwina adalaivalawa abwere aime kuno kutsogolo, abwereze zimene anenazi."

"Palibe chifukwa," anatero a Tayi, akutsegula dirowa. "Mwini wake wavomera. Ndili ndi msonkhano."

Kalata anali atailemba kale, ndinaona ndi maso anga, inangotsala kusayina. A Tayi anali akufuna kale pochotsera mdala amene ntchito yake inali itatengedwa ndi chingwe cha kompyuta, ndipo ine ndinangowatsegulira chitseko. M'kalatamo munalibe mawu a injini kapena a khutu. Munangolembedwa kuti kampani ikuwathokoza chifukwa cha zaka zambiri za ntchito, ndipo ikuwapumitsa chifukwa cha ukalamba, kuyambira tsiku lomwelo.

Alamu anaiwerengera panja, ataima padzuwa, milomo ikuyenda. Anaiwerenga kawiri. Ndinkadikira kuti akuwe, atukwane, andimenye ndi kachitsulo. Anaipinda bwinobwino, naika m'thumba la pachifuwa.

"Kupuma," anatero. "Sanalembe kuti kuchotsedwa. Waona? Ndinapha injini yatsopano, akanatha kundithamangitsa ngati wakuba, anthu akuonerera." Anandigwira mapewa onse awiri, maso atafiira. "Unalankhula nthawi yaitali, mlamu. Sindinamve mawu ako, koma dzanja lako ndinalimva, limanjenjemera. Zikomo. Wamva? Ndati zikomo."

Zaka zitatu ndinkalifuna liwu limenelo, ndipo linabwera tsiku limenelo. Ndinati, "Musatero, alamu, ndi udindo wanga." Madalaivala anali atatsamira magalimoto awo oyera, akuyang'ana pansi. Alamu anatolera zida zawo m'bokosi, natuluka pageti wapansi. Palibe anawaperekeza, ndipo ine ndinali ndi wokwera woti ndikamutenge.

Lamlungu alamu anatumiza uthenga kuti ndipite kunyumba masana. Ndinayesa kukana, koma anatumizanso kawiri. Ndinawapeza pabalaza atavala malaya oyera, tebulo litayalidwa nsalu imene achemwali ankaitulutsa pakabwera alendo olemekezeka. Panali makapu agalasi, buledi wodulidwa kale, ndi mpando wabwino uja umene kale sindinkaloledwa kukhalapo. Masiku atatu okha anali atawachepetsa thupi. Manja awo, opanda girisi, ankaoneka ngati a munthu wina, ndipo sankadziwa powaika.

Achemwali anga anandilandira ndi manja awiri, maso ali otupa. "Alamu ako sakusiya kukutchula," anatero. "Khala, mchimwene. Mulungu akudalitse."

Alamu anathira tiyi okha, chinthu chimene sindinawaonepo akuchitira munthu. Anayamba kufotokoza za mu ofesi, mokweza monga amalankhulira anthu osadzimva. Achemwali anali akuyendayenda, kubweretsa mkaka, kubweretsa masipuni.

"Ukanamuona m'bale wakoyu," ankatero. "A Tayi atakwinya nkhope, mkazi wa laputopu uja ali apo. Ine mtima uli thi thi thi. Iyeyu osaopa. Anabwera n'kuima kumbuyo kwanga kuno, dzanja paphewa, ngati mwana wanga weniweni, n'kulankhula, n'kulankhula. A Tayi atandifunsa kuti ndi zoona, ine ndinangoti zonse, bwana."

Achemwali anali atanyamula mbale ya shuga. Anaima pomwepo.

"Anaima kuti?" anafunsa, atawerama kuti amuna awo aone milomo.

"Kumbuyo kuno," anatero alamu, akumenya phewa lawo la kumanja mokondwa. "Apa."

Achemwali anaika shuga patebulo pang'onopang'ono. Anandiyang'ana nthawi yaitali, ndipo ine ndinayang'ana buledi. Kenako anazungulira tebulo, nakaima kuseri kwa mpando wa amuna awo, nawakonza kolala ya malaya. Analankhula ndi mawu otsika, osalala, ngati akundifunsa za ana.

"Imwa tiyiyo umalize. Ukatuluka pakhomo apo usadzapondenso pano, ngakhale pa maliro awo, ngakhale pa anga. Sindiwauza, chifukwa zingawaphe msanga. Tsopano mwetulira, akukuyang'ana."

Ndinamwetulira. Alamu anamwetuliranso, natenga sipuni, nandiwonjezera shuga.